Kusankhira ana a pulayimale zoonera m'nyumba ya TV imodzi

Ambiri mwa ife amene lero tili ndi ana a Sitandade 1 mpaka Sitandade 4 tidakula makolo athu asakuvutika ndi funso la zimene mwana ayenera kuonera. Wailesi ya kanema ya dziko lino, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Television Malawi, idayamba kuulutsa mu 1999, ndipo ngakhale pamenepo nyumba zokhala ndi TV zinali zowerengeka, ndipo m'nyumba zambiri tchanelo chinali chimodzi chomwecho. Pa nkhani ya chakudya, ya ulemu ndi ya masewera oyenera ndi osayenera tili ndi malangizo amene tidalandira kwa makolo ndi agogo athu, koma pa nkhani ya kanema palibe amene adatisiyira mwambo. Tikuupanga tokha, pa nthawi imene dikoda ili ndi matchanelo ambirimbiri, foni ili ndi YouTube, ndipo pamsika pali mnyamata wothira mafilimu mu fulashi pa mtengo umene ngakhale mwana angaukwanitse.

Malangizo ambiri amene timawapeza pa intaneti adalembedwa poganizira mwana amene ali ndi chipinda chake ndi tabuleti yake, choncho amangokamba za kusankha pakati pa mapulogalamu a ana. Kwathu kuno TV imakhala imodzi, pabalaza, ndipo madzulo magetsi akakhalapo pamasonkhana bambo, mayi, agogo, mlamu amene wabwera kudzafuna ntchito m'tauni, mtsikana wothandiza pakhomo, ndi ana a nyumba zoyandikana atakhala pamkeka kutsogolo kwenikweni. Mwana wa zaka 7 m'nyumba yotere amaonera makatuni kanthawi kochepa akaweruka kusukulu, koma madzulo onse amaonera zimene wasankha munthu wamkulu amene wagwira rimoti. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kusankhira mwana zoonera kumayambira pa zimene ife akuluakulu timaonera iye ali pomwepo. Kupeza katuni wabwino ndi gawo laling'ono la ntchitoyi, ndiponso ndilo losavuta.

Msinkhu wa zaka 6 mpaka 9 umanyenga makolo. Mwana wa msinkhu umenewu amalankhula bwino, amatumika kugolosale n'kubwera ndi chenji chokwanira, amabereka mng'ono wake, ndipo wayamba kuwerenga, choncho timaganiza kuti zimene akuona akuzimva monga mmene ife tikuzimvera. Komatu nzeru zina zikadali kukhwima mwa iye. Sanafike posiyanitsa bwinobwino zoseweredwa ndi zochitikadi, makamaka pamene osewerawo ali anthu enieni osati zojambula. Amavutikanso kulumikiza chinthu chimene chachitika kumayambiriro kwa filimu ndi zotsatira zake zimene zikubwera patapita ola lathunthu. Apa ndi pamene pamagwera mawu amene timakonda kudziteteza nawo, akuti filimuyi ili ndi phunziro. M'mafilimu ambiri a ku Nigeria amene timawakonda, mayi wopeza wankhanza amazunza mwana wamasiye, amapita kwa sing'anga, amathira mankhwala m'chakudya, ndipo zonse zimamuyendera kwa maola awiri. Chilango chake chimabwera m'mphindi zomalizira, nthawi zina m'gawo lachiwiri limene lidzaonetsedwe mawa. Munthu wamkulu amatolapo phunziro chifukwa wasunga nkhani yonse m'mutu. Mwana, amene pofika nthawiyo wagona kale pamkeka, amatsala ndi chithunzi cha mayi akuthira mankhwala m'ndiwo za mwana mnzake.

Manambala ndi zilembo zimene zimaoneka pulogalamu ikamayamba n'zothandiza kwa amene amaziwerenga. Pa matchanelo a DStv ndi GOtv, PG imatanthauza kuti mwana aonere pali munthu wamkulu womutsogolera, pamene 13, 16 ndi 18 ndi zaka zimene woonera ayenera kukhala atakwanitsa. Zilembo zotsatira nambalayo zimatchula chifukwa chake: V ndi chiwawa, L ndi mawu otukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche. Mapulogalamu a ku America ali ndi zizindikiro zawo zimene zidayamba mu 1997, ndipo pa msinkhu tikukambawu zofunika kuzidziwa ndi TV-Y, ya ana onse, ndi TV-Y7, ya ana amene akwanitsa zaka 7. Dikoda ilinso ndi malo oikapo nambala yachinsinsi kuti pulogalamu yopitirira msinkhu umene mwasankha isatseguke, ndipo kuiika kumatenga mphindi zochepa chabe, bola nambalayo isakhale chaka chimene mwanayo adabadwa kapena ina imene angaipeze mosavuta. Komabe amene adaika zizindikirozo ali ku Johannesburg kapena ku Los Angeles, ndipo sadziwa zimene mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Mchinji amamva kwa anzake, zimene amaopa, ndi kumene amagona.

Nkhani ya mantha ndi imene imaonetsa bwino kusiyana kumeneku. Joanne Cantor, wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America, adafufuza kwa zaka zambiri mmene kanema amaopsezera ana, ndipo adapeza kuti mantha amasintha ndi msinkhu. Ana aang'ono, osapitirira zaka 7, amaopa kwambiri maonekedwe: nkhope yonyansa, mano otuluka, munthu amene akusanduka chinthu china, ngakhale munthuyo akhale wabwino m'nkhanimo. Akamakula mantha awo amasamukira ku zinthu zimene zingachitikedi, monga imfa ya makolo, moto, akuba ndi kubedwa kwa ana. Mwana wa m'makalasi oyambirira ali pakati pa magulu awiriwa, choncho mantha a mitundu yonse iwiri amamupeza.

Tsono taganizirani filimu ya ufiti m'nyumba ya kuno. Kholo la ku Ulaya likauza mwana wake kuti mfiti kulibe, aphunzitsi ake, anzake ndi dera lonse amanena zomwezo, ndipo filimuyo imakhala nthano chabe. Mwana wa kuno akaona pa kanema munthu akusanduka njoka kapena kadzidzi, wamvapo kale nkhani zoterozo kwa anzake kusukulu, kwa akuluakulu akamacheza, ngakhale m'maumboni a kutchalitchi, ndiye kwa iye filimuyo ikungotsimikiza zimene adamva. Sindikukamba za chimene munthu wamkulu ayenera kukhulupirira. Ndikukamba za mwana wa zaka 7 amene wayamba kukana kupita kuchimbudzi chapanja kukangoda, amene wayambiranso kukodza pogona atasiya kalekale, kapena amene akuthawa agogo ena a m'mudzi chifukwa akufanana ndi mfiti ya mu filimu. Chomalizachi chimandipweteka mtima kwambiri. M'dziko limene okalamba amamenyedwa, kugwetseredwa nyumba ndi kuphedwa kumene powaganizira ufiti, kudzala mwa mwana maganizo akuti nkhalamba ya imvi ndi maso ofiira ndiyo mfiti si chinthu choti tizichitenga mopepuka. Mafilimu amenewa, kaya pakona palembedwa nambala yanji, ine sindiona kuti ndi oyenera mwana wa msinkhu uwu.

Nkhani za madzulo zilibe chizindikiro cha msinkhu, koma zimaopseza ana a zaka 8 ndi 9 kuposa zilombo za m'makatuni. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, zithunzi za ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, zinkabwerezedwa pa TV ndi pa WhatsApp usana ndi usiku, matope akukokolola nyumba ndi anthu akukumba kufunafuna abale awo. Mwana wamng'ono akaona chithunzi chimodzimodzi kangapo akhoza kuganiza kuti tsokalo likuchitikanso, ndipo funso limene limamusowetsa tulo ndi lakuti kodi madziwo afika kwathu liti. Sikuti mwana abisidwe kuti kwagwa tsoka, pakuti adzamva ndithu kusukulu. Koma ndi bwino amve pakamwa pa kholo lake, m'mawu ochepa ndi oona, pamodzi ndi zimene anthu akuchita pothandiza ovutikawo ndi zimene banja lingachite mvula ikachuluka, kusiyana ndi kuonerera mitembo ikunyamulidwa pamene akudya nsima.

Pambali pa mantha pali kutsanzira. Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford adaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti ana amene aona munthu wamkulu akumenya chidole, kaya pamaso kaya pa filimu, amakachimenyanso mwanjira yomweyo, ndipo amatsanzira kwambiri ngati womenyayo sanalangidwe. Aliyense amene amakhala m'dera la ana ambiri waziona izi ndi maso ake. Kuseri kwa nyumba imene ikumangidwa, mnyamata wa Sitandade 2 wagona chagada pamchenga, mnzake wakwera pamulu wa njerwa, watambasula manja, akufuula dzina la katswiri wa resiling'i amene amamukonda, kenaka akudumpha chigongono chili patsogolo. Iye sadziwa kuti anthu a pa TV aja adaphunzira kwa zaka zambiri kagwedwe kosavulaza, kuti bwalo lawo lidapangidwira zimenezo, ndiponso kuti wopambana amakhala atasankhidwa kale. Chenjezo loti oonera asayesere kunyumba limanenedwa m'Chingerezi chimene iye sachimva. Chiwawa chimene mwana amachitengera msanga ndi chimene chikuchitidwa ndi ngwazi yake, chosaonetsa ululu weniweni, anthu akuchiombera m'manja. Kumasanje nakonso mumamva zomwezo mwa mtundu wina: m'malo mophikirana nsima ya dothi, wina wasanduka dona wolemera akuwaza wantchito mbama, wina akulira kuti mnzake wamulanda mwamuna, ndipo mawu onsewo atengedwa m'masewero aatali a ku India, ku Philippines ndi ku Mexico amene amayi awo amaonera tsiku ndi tsiku.

Kale chilankhulo chinali ngati mpanda, chifukwa mwana ankaona anthu akukangana koma osamva zimene akunena. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa adauchotsa mpandawo. Anyamata amene amachita ntchitoyi ali ndi luso lenileni, amasandutsa filimu ya ku China kapena ku America kukhala ngati ikuchitikira m'tauni mwathu muno, ndipo anthu ambiri amasangalala nayo pa chifukwa chomveka. Koma nthabwala zawo n'zolembera akuluakulu, nthawi zina zimapitirira zimene zinali mu filimu yeniyeniyo, ndipo filimu ikalowa mu fulashi kapena mu memore khadi chizindikiro cha msinkhu chimatsalira kumbuyo. Lamulo lathu loyang'anira mafilimu ndi zisangalalo ndi la 1968, nthawi imene kunalibe fulashi kapena foni, choncho pakati pa mwana ndi fulashiyo palibe wina woimapo koma kholo. Chimodzimodzi ndi nyumba zoonetsera mavidiyo za m'misika, zija zimakhala ndi sipika panja ndi bolodi lolembedwa ndi choko: amene amasankha filimu ndi mwini malo, ndipo amasankhira anyamata akuluakulu amene ndi makasitomala ake odalirika, ngakhale pabenchi lakutsogolo pakhale ana a yunifolomu amene alipira ndi ndalama ya zitumbuwa.

Makatuni nawonso si onse a ana. Alipo opangira akuluakulu, odzaza ndi zolaula, ndipo ena a ku Japan ali ndi magazi ochuluka kuposa filimu ya nkhondo. Ngakhale pakati pa amene alidi a ana pali kusiyana kwa liwiro. Mu 2011 Angeline Lillard wa pa yunivesite ya Virginia adapeza kuti ana a zaka 4 amene adaonera katuni wothamanga kwambiri kwa mphindi 9 zokha adavutika pa ntchito zofuna kudekha ndi kukumbukira atangomaliza kuonera, poyerekeza ndi anzawo amene ankajambula zithunzi kapena kuonera katuni wodekha. Kafukufukuyu anali wa ana ochepa ndipo adayeza za nthawi yomweyo basi, koma ndi chifukwa chokwanira choti katuni waphokoso asakhale chinthu chomaliza mwana asanayambe homuweki. Pa foni vuto ndi lakuti vidiyo ikatha ina imayamba yokha, ndipo amene akusankha yotsatirayo ndi makina ofuna kuti mwana asachoke. YouTube Kids, imene idayamba mu 2015, imalola kholo kusankha gulu la zaka 5 mpaka 8 ndi kutseka malo ofufuzira. Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yosankha magawo angapo, kuwasunga mu foni pamene bandulo ilipo, kenaka kuzimitsa intaneti musanamupatse mwana foniyo. TikTok malamulo ake omwe amati ndi ya anthu a zaka 13 kupita m'tsogolo.

Pulogalamu yoyenera mwana wa msinkhu uwu imakhala ndi nkhani imene imayamba ndi kutha m'gawo limodzi, vuto lake limakhala la msinkhu wa mwana, monga kukangana ndi mnzake, kutaya chinthu cha eni kapena kuopa mayeso, ndipo limathetsedwa poganiza, pofunsa kapena popepesa. Ndimayang'ananso mmene akuluakulu akuonetsedwera, chifukwa makatuni ena amasekesa ana poonetsa bambo ngati chitsiru ndi mphunzitsi ngati mdani. Mapulogalamu abwino opangidwa mu Africa muno alipo. Bungwe la Ubongo la ku Dar es Salaam limapanga Akili and Me, ya ana a zaka 3 mpaka 6, ndi Ubongo Kids, imene imaphunzitsa masamu ndi sayansi kwa ana a zaka 7 kupita m'tsogolo kudzera m'nkhani ndi nyimbo, ndipo magawo ena adamasuliridwa m'Chichewa. Ku South Africa, Takalani Sesame idayamba mu 2000, ndipo mu 2002 idabweretsa chidole chotchedwa Kami, mwana wokhala ndi kachilombo ka HIV, zimene zidaonetsa kuti nkhani yolemera ikhoza kukambidwa ndi ana popanda kuwaopseza ngati olembawo akudziwa msinkhu wa amene akuwalankhula. Supa Team 4, imene adailemba Malenga Mulendema wa ku Zambia ndipo idatuluka pa Netflix mu 2023, imaonetsa atsikana anayi a ku Lusaka ngati ngwazi. Ili ndi ndewu, choncho ndimaiona yoyenera a zaka 8 ndi 9 kusiyana ndi a Sitandade 1. Mapulogalamu a nyama zakutchire ndi abwino kwa banja lonse, ndipo mkango wogwira mbawala suopseza kwenikweni mwana amene waonapo nkhuku ikuzingidwa pakhomo.

Makolo ambiri amasiyira mwana tchanelo cha makatuni tsiku lonse pofuna kuti aphunzire Chingerezi. Mawu ena amatolapodi, pamodzi ndi katchulidwe kake. Koma mwana amene sakumva chilankhulo amangotsatira zochitika, ndipo zochitika zosafuna mawu ndi kuthamangitsana, kugwa ndi kumenyana, ndiye amakondetsa mapulogalamu amene alibe chomuphunzitsa. Chingerezi chimalowa bwino pamene wina wakhala naye n'kumamufunsa zimene wamva.

Muyeso umene ndimaudalira kuposa nambala ya pakona ndi uwu. Kholo lionere gawo limodzi lathunthu la pulogalamu yatsopano pamodzi ndi mwanayo, likuyang'ana nkhope yake kuposa TV, ndipo pomaliza limupemphe kuti afotokoze nkhaniyo monga amachitira ndi nthano ya Kalulu. Mwana akatha kunena amene anali ndi vuto, chimene adachita ndi mmene zidathera, pulogalamuyo ndi ya msinkhu wake. Akangoti anamenyana, kenaka galimoto inaphulika, kenaka anamenyananso, ndiye kuti nkhaniyo yamupitirira ndipo watolamo zipolowe zokha. Zotsalazo zimaoneka usiku umenewo pogona ndiponso mawa lake kumasewera. Ana awiri a mimba imodzi akhoza kusiyana kwambiri pa muyeso umenewu, ndipo wamanthayo asanyozedwe kuti ndi wofooka.

Za kutalika kwa nthawi yoonera, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidapereka malire mu 2019 a ana osakwana zaka 5, koma kwa ana a sukulu madokotala a ana a ku America sadaike nambala imodzi. Adati banja likhale ndi malire okhazikika, ndipo kanema asalande nthawi ya tulo, ya kusewera panja ndi ya sukulu. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Amene amadzuka 6 koloko m'mawa ayenera kukhala atagona pofika 8 kapena 9 koloko usiku, ndipo iyi ndi nthawi yomwe masewero a akuluakulu amafika pokoma. Mpira ndi wabwino kuonera ndi ana, koma masiku ano umabwera ndi zotsatsa za kubetcha zimene zimaonetsa achinyamata akusangalala ndi ndalama, ndipo mwana wosakwana zaka 8 sazindikira kuti otsatsa malonda akufuna kumukopa. Ndi bwino kutsitsa mawu zotsatsazo zikayamba, ndi kumuuza mosabisa kuti pa anthu obetcha ambiri amaluza.

Chovuta kuposa zonsezi ndi anthu amene timakhala nawo. Si chapafupi kuuza apongozi amene abwera kudzacheza kuti sewero limene amalikonda lidikire, kapena kuuza bambo wa pakhomo amene watopa ndi ntchito kuti filimu ya nkhondo iyambe ana akagona. Zimatheka pamene nkhaniyo yakambidwa masana, ana palibe, ndipo yaperekedwa ngati pempho: "Amayi, adzukulu anuwa akumalota usiku, bwanji seweroli tizionera akagona, kapena mawa masana akalibwereza?" Agogo ambiri akamva kuti mdzukulu sakugona amavomera msanga kuposa mmene timaganizira. Mtsikana wothandiza pakhomo, amene amakhala ndi ana ndi rimoti masana onse, auzidwe matchanelo ake ndi maola ake mwaulemu, komanso apatsidwe nthawi yake yoonera zimene iye amakonda, chifukwa lamulo lomumana zonse silisungika.

Kunyumba kwa aneba sitingalamuleko, koma tikhoza kukambirana monga makolo, popeza ana awonso amabwera kwathu, ndipo mabanja awiri kapena atatu akagwirizana kuti mafilimu a 16 ndi 18 asaonetsedwe ana ali pabalaza, mwana sakhalanso ndi kothawira. Ngakhale zitatero, tsiku lina adzabwera ataona chinthu chosayenera, kaya kuvidiyo, kaya pa foni ya msuweni wake. Akakwapulidwa pa tsiku limenelo, ulendo wina adzabisa, ndipo mantha kapena mafunso ake adzapita nawo kwa anzake a zaka 9. Ndi bwino kumukhazika pansi, kumufunsa chimene waona ndi kumene wachionera, kumuyankha zoona m'mawu a msinkhu wake, kenaka nkhani ya malowo kukaikamba ndi munthu wamkulu amene adamulola kulowa.